Mitima Iŵiri m'Munda wa ku Edinburgh

Kumpoto kwa mzinda wa Edinburgh, likulu la dziko la Scotland, kuli munda wa maekala 70 umene salimamo chimanga kapena mbatata, koma mitengo ndi maluŵa okhaokha. Dzina lake ndi Royal Botanic Garden, ndipo uli pamalo otchedwa Inverleith, mtunda wosakwana makilomita aŵiri kuchokera pakati pa mzinda. Munthu wamphamvu zake amangoyenda pansi, kutsika chitunda, kuoloka kamtsinje ka Water of Leith, nafika pachipata theka la ola lisanathe. Poloŵa salipiritsa. Ine ndidafikako m'mwezi wa Meyi chaka cha 2023, nthaŵi imene kwathu kuno timakhala tikukolola ndi kufunafuna kumene tidaika mabulangete, pamene kumeneko nyengo yachisanu imakhala itangotha kumene. Dzuŵa limatuluka cha m'ma 5 koloko m'maŵa, osaloŵa mpaka 9 koloko usiku. Koma kuŵala kwakeko kulibe moto, ndipo mphepo yochokera kunyanja imaloŵa m'mafupa. Eni dziko ankayenda ndi malaya a manja aafupi, ine nditavala juzi ndi jekete pamwamba.

Mundawu ndi wakale ndithu. Udayamba m'chaka cha 1670, pamene madokotala aŵiri, Robert Sibbald ndi Andrew Balfour, adalima kadimba ka zitsamba zamankhwala pafupi ndi nyumba yachifumu ya Holyrood. Kadimbako kadali ka mamita 12 m'litali ndi m'lifupi momwe, ngati bwalo la pakhomo pa munthu. M'dziko lonse la Britain, munda wa mtundu umenewu woposa uwu pa ukale ndi wa ku Oxford wokha. Udasamuka kangapo, nufika ku Inverleith pakati pa 1820 ndi 1823, mitengo ikuluikulu itanyamulidwa ndi mizu yomwe pa ngolo zokokedwa ndi akavalo.

Kwa ife Amalaŵi munda umenewu si wachilendo kwenikweni. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamala munda wa Mishoni ya Blantyre, adatenga mbande zitatu za khofi kumeneko. Ziŵiri zidafa, imodzi idapulumuka n'kubereka, ndipo njere zake ndizo zidayambitsa minda ya khofi ya ku Blantyre ndi ku Zomba m'zaka zotsatira.

Pakati pa mundawo pali chitunda, ndipo pamwamba pake pali nyumba yakale yotchedwa Inverleith House. Munthu akaima pa kapinga wa patsogolo pake n'kuyang'ana kummwera, amaona mzinda wakale wonse utandandalika pamzere: linga la Edinburgh Castle pa thanthwe lake, nsonga za matchalitchi, ndi nsanja ziŵiri za New College, pamene Msonkhano Waukulu wa Church of Scotland umakumanira m'mwezi womwewo wa Meyi. Alendo ambiri amathera pomwepo kujambula zithunzi. Ine ndidatsikira kumthunzi wa mitengo, pofuna duŵa lina limene ndidakhala ndikuliona m'timinda ta patsogolo pa nyumba za anthu m'mbali mwa mseu. M'munda uno chomera chilichonse chili ndi kachikwangwani kakuda kolembedwa dzina lake, banja lake, dziko la kwawo, ndi nambala imene zilembo zake zinayi zoyamba ndizo chaka chimene chidafika m'mundamo. Kwa mphunzitsi, malo otere ndi buku lotsekula.

Chomera chimene ndikunenachi chikakula bwino chimafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, koma zambiri zimalekeza m'ntchafu. Tsinde lake ndi lofeŵa, lamadzimadzi, losachedwa kuthyoka. Masamba ake ndi ogaŵikana patatupatatu monga a chisoso, koma otuŵirako ndi osalala. Pamwamba pa masambawo pamatuluka mapesi aatali oŵerama ngati uta, ndipo kunsi kwa phesi lililonse kumalendeŵera maluŵa pamzere umodzi, khumi, nthaŵi zina kufikira 20, okhwima kutsinde, anthete kunsonga. Duŵa lililonse, lalikulu ngati nsonga ya chala chamanthu, lili ndi maonekedwe a mtima uja ana asukulu amajambula kumbuyo kwa makope awo: lofiirira, lotupa mbali ziŵiri, losongoka kunsi. Pansongapo pamatuluka kanthu koyera ngati dontho limene latsala pang'ono kugwa. N'chifukwa chake Angerezi amalitcha bleeding heart, ndiye kuti mtima wodontha magazi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu akaŵerama n'kuliyang'anitsitsa, amapeza kuti mtimawo wapangidwa ndi timasamba tiŵiri takunja, tooneka ngati timatumba ta nsonga zopindikira m'mwamba, ndipo dontholo ndi timasamba tina tiŵiri tam'kati, togwirana kunsonga, tobisa ziŵalo zoberekera. Njuchi yofuna timadzi totsekemera iyenera kukankha timasamba tam'katito, ndipo potero imadzola mungu umene ikasiye pa duŵa lina. Ana a kumeneko amathyola limodzi, kulitembenuza chadodolido n'kukoka timasamba takunjato pang'ono, ndipo pamaoneka ngati kamayi kovala zoyera kakhala m'bafa. Motero ali nalo dzina lina lakuti dona wa m'bafa.

Mtundu uliwonse wa anthu udaona chakechake m'duŵali. Ajeremani amati ndi mtima wolira misozi, Afalansa amati ndi mtima wa Maria. Koma eni ake enieni sadaonemo mtima konse. Anthu a ku China amati ndi kachikwama kosokedwa mwaluso kamene akale ankamangirira m'chiuno, ndipo a ku Korea nawonso amati kachikwama kasilika. Ajapani amaona ndodo ya mbedza itaŵerama ndi nsomba zofiira zolendeŵera. Ndiganiza kuti mwana wa ku Nkhotakota kapena ku Salima, amene waona usipa ndi utaka moyo wake wonse, akadagwirizana ndi Ajapaniwo.

Kwawo kwa duŵali ndi kumpoto kwa China, ku Korea, ndi m'madera a Siberia oyandikana nawo, m'nkhalango zachinyontho ndi m'zigwa za m'mapiri. Amene adalifikitsa ku Britain n'kukhazikika ndi Robert Fortune, mwana wa kumudzi wa ku Berwickshire, wobadwa mu 1812. Iyeyu adagwirapo ntchito m'munda womwe uno wa ku Edinburgh asanapite ku Chiswick, kumunda wa bungwe la Horticultural Society of London. Mu 1842 nkhondo ya pakati pa Britain ndi China idatha ndi pangano la ku Nanking, limene lidakakamiza China kutsekula madoko asanu kuti Azungu azichitamo malonda. Nkhondo imeneyo idali yochititsa manyazi, pakuti gwero lake lidali lakuti amalonda a ku Britain ankaumirira kugulitsa opium, mankhwala ozunguza bongo amene boma la China lidaletsa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti chomera chimene opium amachokerako ndi cha banja limodzi ndi duŵa lathuli. Chaka chotsatira bungwe lija lidatuma Fortune ku China. Adakhalako zaka zitatu, akuyendera minda ya anthu olemera ndi malo ogulitsira mbande ku Shanghai, ku Ningbo ndi pa chilumba cha Zhoushan. M'minda yoteroyo ndimo adalipeza, popeza Atchaina adakhala akulilima kuyambira kalekale. Lidafika ku England mu 1846, ndipo pasanapite zaka zambiri lidafalikira mpaka m'timinda ta anthu wamba.

Mlimi aliyense adzafunsa kuti, kodi mbande yanthete chotere idapulumuka bwanji ulendo wa panyanja wa miyezi inayi kapena isanu, wozungulira ku Cape, popeza ngalande ya Suez idatsekulidwa mu 1869? Yankho lili m'bokosi lagalasi limene adatulukira dokotala wina wa ku London, Nathaniel Ward. Mbande ankazibzala m'dothi lonyowa m'bokosimo n'kutseka ndithu. Masana dzuŵa likatentha madzi ankakwera ngati nthunzi, usiku n'kusanduka mame pagalasi, n'kutsikiranso m'dothi. Motero mbande sizinkafuna kuthiriridwa, ndipo mchere wa m'nyanja sunkazifika. Aphunzitsi anzanga angathe kuonetsa ana zimenezi ndi botolo lalikulu lagalasi loikidwa pazenera la kalasi. Ndi mabokosi omwewo Fortune adatulutsa mbande za tiyi zikwizikwi ku China kupita nazo ku India pakati pa 1848 ndi 1851, atameta mutu ndi kuvala ngati Mtchaina kuti aloŵe m'madera amene alendo ankaletsedwa. Mabuku ena amamutcha ngwazi, ena amamutcha mbala. Ine ndiona kuti maina onse aŵiri akumuyenera.

Akatswiri a zomera lero amalitcha duŵali Lamprocapnos spectabilis. Kwa zaka zoposa 100 linkadziŵika kuti Dicentra spectabilis, kufikira mu 1997 pamene adaona kuti likusiyana ndi anzake a m'gulu la Dicentra, nalipatsa gulu lakelake. Koma ogulitsa mbande ambiri akali kugwiritsa dzina lakalelo. Alimi adasankhamo mitundu ingapo: Alba wa maluŵa oyera okhaokha, Valentine wofiira kwambiri, ndi Gold Heart wa masamba achikasu. Kwa ine woyerayo ndiye wokongola kopambana pamthunzi, ngakhale kuti dzina lakuti wodontha magazi silimuyeneranso.

Tsono nali funso limene makolo okonda maluŵa ali nalo: kodi tingalibzale kwathu kuno? Moyo wa duŵali umayenda ndi nyengo za kwawo. M'miyezi yachisanu, pamene nthaka imauma gwa ndi madzi oundana, muzu wake wonenepa umagona pansi osaonetsa kanthu. Kukayamba kufunda, mu Malichi kapena Epulo, umaphuka msangamsanga m'dothi lonyowa, mitengo ya pamwamba pake isanadzaze masamba. Mu Meyi umachita maluŵa. Kukatentha mu Julayi masamba amachita chikasu, nafota, ndipo chomera chonse chimazimirira, kotero kuti alimi osamala amazikapo kamtengo kuopa kudzatema muzu ndi khasu. Tulo ta m'chisanu timeneti si taulesi: popanda masabata ambiri a kuzizira kwenikweni muzu suphuka bwino, ndipo njere zake nazonso sizimera zisanagone m'chisanu. Kwathu kuno zinthu zidatembenuka. Kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julayi n'kwa usiku ndi m'maŵa, kumadza nthaka itauma, ndipo chotsatira chake ndi dzuŵa la Okutobala. Munthu wa ku Dedza, wa pa phiri la Zomba kapena wa kufupi ndi Nyika, wokhala ndi mthunzi ndi madzi othirira, angathe kuyesa. Koma wa ku Lilongwe, wa kunyanja kapena wa ku Chigwa cha Shire angotaya ndalama zake. Wapaulendo asaiŵalenso kuti malamulo salola kuloŵetsa mizu kapena mbeu m'dziko popanda chilolezo cha a zamalimidwe.

Palinso china. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: masamba, tsinde ndi mizu ya chomerachi zili ndi chiphe. Munthu kapena chiŵeto chikadya chimadwala, ndipo madzi ake amayabwa khungu la anthu ena.

Cha pafupi pomwepo, pansi pa mitengo, padayala mtundu wina waufupi, wosafika m'maondo, wa masamba ong'ambikang'ambika ngati a karoti, ndi timitima tofiirira motuŵa tounjikana kunsonga kwa phesi. Uwu ndi Dicentra formosa, wa m'nkhalango zonyowa za kumadzulo kwa North America, kuyambira ku British Columbia kufikira ku California. Nawonso uli ndi chibale ndi munda uno, pakuti amene adautengera ku Britain ndi Archibald Menzies, wobadwa mu 1754, amene paunyamata wake adali wantchito m'munda wa ku Edinburgh, kenaka naphunzira udokotala, nayenda ndi George Vancouver pa ulendo wozungulira dziko lapansi kuyambira 1791 mpaka 1795. Dzina lakelo eni ake amalitchula ngati Mingisi. Chingerezi cha ku Scotland chili ndi misampha yake. Mtundu umenewu umafalikira ndi mizu yoyenda pansi monga kapinga, ndiye ndi wabwino kuphimba nthaka pamthunzi, koma ukalekereredwa umalanda malo a anzake. Mbale wake wa kuvuma, Dicentra eximia, wa m'mapiri a Appalachian, amafanana naye kwambiri, koma amapirira kutentha kuposa enawo, ndipo safulumira kufota: amachita maluŵa miyezi ingapo motsatizana. Wa ku Dedza uja akafuna kuyesa, ayambe ndi ameneyu.

Ku America komweko kuli tiabale tina tiŵiri ta m'nkhalango timene timaonekera masabata oŵerengeka okha pachaka. Kena, Dicentra cucullaria, kali ndi maluŵa oyera ooneka ngati timabuluku toyanikidwa miyendo m'mwamba, ndipo amakatcha buluku la Mdatchi. Ife sitidabwa, popeza mau athu akuti buluku nawonso tidaŵatenga kwa Adatchi a ku South Africa. Kena, Dicentra canadensis, amakatcha chimanga cha gologolo chifukwa cha timizu take tachikasu tonga maso a chimanga. Ng'ombe zikadya tizomera timeneti zimadzandira ngati zoledzera. Njere zake zimafesedwa ndi nyerere: pa njere iliyonse pali kachidutswa koyera kamafuta, ndipo nyerere zimakokera njereyo kuuna kwawo, kudya kamafutako, n'kutaya njere pa dzala lawo, pamene pali chonde chokwanira kuti imere. Ku Japan nako kuli kena, Dicentra peregrina, kamene kamamera pa nsangalabwi za pamwamba pa mapiri ophulika moto, pamene zomera zina zimalephera.

Mitima yonse imene ndatchulayi ndi ya banja limodzi, ndipo yonse ndi ya maiko ozizira. Koma ulipo mtima wachiŵiri, wotchedwanso ndi dzina lomwelo la Chingerezi, umene sungakhale panja m'munda wa ku Scotland, chifukwa chisanu cha usiku umodzi chingauphe. Malo a zomera zotere ndi m'nyumba zagalasi, zimene zili cha kumpoto kwa mundawo. Zakale kwambiri ndi ziŵiri zosungiramo akanjedza ndi migwalangwa ya m'maiko osiyanasiyana, ina ya 1834, ina ya 1858 yotalika pafupifupi mamita 22. Chaka chimene ndidapitako zidali zotseka, amisiri akukonzanso miyala, zitsulo ndi magalasi ake, ndipo ndidangoziona kunja. Koma mbiri ya mtima wachiŵiriwo idalembedwa pamalo pomwepo, ndipo ife a mipingo ya Chipresbiterio imatikhudza.

Mu 1846, chaka chomwe duŵa la Fortune lidafika ku England, gulu la amishoni lotsogozedwa ndi Mbusa Hope Waddell lidakocheza ku Calabar, kummwera chakuvuma kwa dziko limene lero ndi Nigeria. Ena a m'gululo adali Akhristu akuda a ku Jamaica, amene makolo awo adatengedwa ukapolo ku Africa. Kuyambira 1847 ntchitoyo idali m'manja mwa United Presbyterian Church ya ku Scotland, ndipo n'komweko kumene Mary Slessor adapita mu 1876, chaka chimene Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa. Calabar ndi dziko la anthu a mtundu wa Efik, dziko la mitsinje, madambo ndi nkhalango zoŵirira, kumene mvula imagwa pafupifupi mamilimita 3,000 pachaka, kuposa katatu ya ku Lilongwe. Malungo adali oopsa kumeneko, ndipo amishoni ambiri ndi mabanja awo adasiya mafupa awo m'dzikolo.

Mmodzi wa amishoniwo adali Mbusa William Cooper Thomson, wobadwa mu 1829, munthu wa diso lakuthwa pa zomera. Mu 1861 adatumiza ku Edinburgh chomera choyanga cha m'nkhalango, kwa John Hutton Balfour, amene adali mkulu wa munda uno kuyambira 1845 mpaka 1879. Balfour ameneyu si uja adayambitsa mundawu. Pakati pawo padapita zaka pafupifupi 200. Uyu ndiye adali mkulu pamene khofi uja adapita ku Blantyre. Chomeracho chidagwira m'nyumba yagalasi, chidachita maluŵa, ndipo mu 1862 Balfour adachilemba m'mabuku a sayansi. Thomson adapempha kuti dzina lake likhale chikumbutso cha mkazi wake woyamba, amene adali atamwalira. Motero chidatchedwa Clerodendrum thomsoniae. Wodziŵa Chilatini adzazindikira kuti zilembo ziŵiri zakumapetozo, a ndi e, zimasonyeza munthu wamkazi. Dzina likadakhala la mwamunayo likadathera ndi zilembo za i ziŵiri.

Ndidakhala pa benchi kunja kwa nyumba zotsekazo ndikulingalira za dzina limeneli. Munthu wofedwa adafuna kusiya chizindikiro chosafafanizika, ndipo adachipeza, pakuti lero dzinalo likulembedwa pa miphika ya maluŵa m'maiko onse. Komabe m'dzinamo mwatsala dzina la mwamuna, zilembo ziŵiri zokha ndizo za mayiyo. Ndipo Aefik, amene chomeracho chinkayanga kuseri kwa nyumba zawo Mzungu asanafike, sakumbukika m'menemo ngakhale ndi chilembo chimodzi, monganso alimi a ku China sakumbukika m'dzina la mtima woyamba uja.

Thomson yemweyo ndi anzake adatumizanso kwa Balfour chomera cha nyemba zimene Aefik amazitcha esere. Nyemba zimenezi ankamwetsa anthu oganiziridwa ufiti, monga momwe makolo athu ankachitira ndi mwavi: wosanza ankati ndi wosalakwa, wakufa ankati ndiye mfiti, ndipo amishoni adalimbana nawo mwambowo zaka zambiri. Balfour adachitcha Physostigma venenosum mu 1861. Dokotala wachinyamata wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, adapeza kuti madzi a nyembayo amachepetsa mwanadiso, ndipo m'zaka za m'ma 1870 chiphe chomwecho chidasanduka mankhwala a glaucoma, nthenda ya maso yochititsa khungu. Fraser yemweyo adafufuzanso kombe, chiphe chimene alenje a ku Chigwa cha Shire ankapaka ku mivi, chimene John Kirk, mnzake wa David Livingstone ndiponso wophunzira wa Balfour, adachidziŵitsa ku Britain. Ndipo m'menemo mudatuluka mankhwala a mtima.

Mtima wa ku Calabar umenewu ndiwo woyenera minda yathu, ndipo ena a inu mudauonapo pa khonde la nyumba ina m'tauni kapena pamishoni. Kwawo ndi kumadzulo kwa Africa, kuyambira ku Senegal kufikira ku Cameroon. Umayanga mpaka mamita 4. Masamba ake ndi obiriŵira kwambiri, a mitsempha yozama, otalika ngati chikhatho. Maluŵa amadza m'magulu a 8 mpaka 20, ndipo lililonse lili ndi mbali ziŵiri: kunja kuli kachikho koyera mbee, ka nsonga zisanu, kotupa ngati khoko la jamu, ndipo kukamwa kwake kumatuluka duŵa lofiira psu, la tindevu titalitali. Lofiiralo limagwa patapita masiku oŵerengeka, koma kachikho koyera kamakhalitsa masabata ambiri, kakusanduka pang'onopang'ono kofiirira. Motero uwu ndi mtima woyera wodontha zofiira, pamene wa ku China ndi wofiira wodontha zoyera. Pakati pawo palibe chibale chilichonse: wa ku Calabar ndi wa banja limodzi ndi mtengo wa malaina umene tonse tikuudziŵa. Achinyamata amene amaitanitsa mbeu pa intaneti asadalire dzina la Chingerezi lokha, popeza dzina limodzi likuimira zomera ziŵiri. Ayang'ane la Chilatini.

Kubzala kwake n'kosavuta. Mvula ikayamba, mu Novembala kapena Disembala, pemphani kwa mnansi kanthambi kokhwima pang'ono, kotalika masentimita 15, ka mfundo ziŵiri kapena zitatu. Chotsani masamba a kumunsi, mukazike mumchenga wosakaniza ndi manyowa oola bwino, n'kukaika pamthunzi, dothi lake likhale lonyowa koma losadikha madzi. Pakatha mwezi umodzi kapena ndi theka mizu imakhala itatuluka. Pouokera sankhani mbali ya nyumba imene imalandira dzuŵa la m'maŵa n'kukhala ndi mthunzi masana, chifukwa ndi mwana wa m'mphepete mwa nkhalango: dzuŵa loswa mtengo limaŵaula masamba ake, pamene mthunzi wokhawokha umaumana maluŵa. Ulibe tizingwe togwirira monga maungu. Umakwera podzikulunga, ndiye umafuna waya kapena nsungwi zing'onozing'ono. M'chilimwe muziuthirira kaŵiri pa sabata ndi kuphimba tsinde ndi udzu. Mu Juni ndi Julayi ungathe kuyoyola masamba, makamaka kumapiri. Musauzule, ukupuma chabe, ndipo madzi muchepetse. Mu Ogasiti udulireni, pakuti maluŵa amadza pa nthambi zatsopano. Adani ake ndi nsabwe zoyera za m'masamba ndi kangaude wofiira uja amavuta tomato, ndipo madzi a sopo amathandiza mukaziona msanga. Mizu yake imatulutsa ana patali ndi tsinde. Amenewo azuleni mupatse anzanu, osaŵataya kuthengo, chifukwa m'maiko ena otentha chomerachi chidathaŵa m'minda n'kuyamba kudzimerera.

Uli nawonso abale ake oyenera khonde. Clerodendrum splendens, wa kumadzulo kwa Africa komweko, ali ndi maluŵa ofiira okhaokha, ndipo alimi adakwatitsa aŵiriŵa n'kupeza wachitatu, Clerodendrum speciosum, wa kachikho kofiirira, amene amakula mwamphamvu kuposa makolo ake ndipo amafuna mpanda wolimba. Palinso kachitsamba kamene kale kankaŵerengedwa m'gulu lomweli, koma tsopano kamatchedwa Rotheca myricoides, ka maluŵa a mtundu wa mtambo ooneka ngati agulugufe atatambasula mapiko. Ku Ulaya amakagula m'miphika n'kukasunga m'nyumba zagalasi. Kwathu kuno kamadzimerera kokha m'thengo ndi m'mbali mwa mapiri, ndipo kanthambi kake kamagwira mofanana ndi ka mtima wa ku Calabar.